Khirisimasi ndi AI: momwe mungapindulire nayo popanda kupusitsidwa kapena kuberedwa

Disembala ndi mwezi umene ndalama zimayenda mothamanga kuposa mwezi wina uliwonse. Mabanki nkhonde amagawana, apantchito ena amalandira bonasi, abale a ku Joni ndi ku Mangalande amatumiza kangachepe, ndipo kholo lililonse limafuna kuti ana adye mpunga ndi nkhuku atavala zatsopano. Amalonda amadziwa zimenezi, akuba nawonso amadziwa. Chasintha m'zaka zochepa zapitazi n'chakuti onsewa ali ndi chida chatsopano m'manja, makina a AI (mapulogalamu a pa kompyuta amene amayankha mafunso, kulemba ndi kupanga zithunzi ngati munthu), ndipo chida chomwecho chili mu foni yanu.

ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso, inatulutsidwa ndi kampani ya OpenAI pa 30 Novembala 2022, kutangotsala masabata ochepa kuti Khirisimasi ifike. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta inafikitsa AI yake ya mkati mwa WhatsApp kumayiko ena ambiri, ndipo Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa anali m'gulu la mayiko amene anailandira nthawi imeneyo. Kachizindikiro ka Meta AI kamene mumakaona pa WhatsApp ndi komweko. Kumayiko olemera zinthu zafika patali. Mu Novembala 2024 Coca-Cola inaonetsa kanema wotsatsa malonda a Khirisimasi wopangidwa ndi AI, anthu ambiri anadandaula kuti alibe moyo, koma kampaniyo inachitanso chimodzimodzi mu 2025. Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, nayo inatulutsa wothandiza ogula wa AI wotchedwa Rufus mu 2024.

Musanayambe china chilichonse, mvetsani chinthu chimodzi. Makinawa anaphunzitsidwa ndi zolemba zambirimbiri, ndipo ntchito yawo ndi kusanja mawu amene akuoneka kuti ndi oyenera kutsatirana. N'chifukwa chake amalemba bwino, amasanja zinthu mwadongosolo, koma amathanso kunena bodza ndi mtima wokhazikika ngati akunena zoona. Muwatenge ngati kalaliki wachangu amene sanapondepo mumsika wa kwanu: mukam'patsa manambala akukonzerani bwinobwino, koma mukam'funsa mtengo wa mbuzi ku Lizulu angopeka. Malangizo onse otsatirawa akuchokera pamenepa.

Choyamba: sankhani chida chimodzi, ndipo dziwani zosayenera kuchiuza

Simufunika mapulogalamu asanu. Ngati muli ndi WhatsApp, Meta AI ilimo kale. ChatGPT ndi Gemini ya Google zili ndi mbali yaulere imene ikukwanira pa zonse za nyengo ino. Mukamatsitsa pulogalamu, tengani ya pa Play Store kapena App Store ndipo onani dzina la kampani imene inaipanga, chifukwa alipo mapulogalamu ambiri ongoyerekeza amene amafuna kuti mulipire kapena amatenga zinthu za mu foni yanu.

Zimene mwalembera AI zimapita ku makompyuta a kampaniyo. Choncho PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, nambala ya khadi la ku banki, chithunzi cha chitupa cha unzika ndi pasipoti zisalowemo. Mayina a abale ndi mavuto awo asalowemonso. Ngati mukufuna malangizo pa nkhani ya m'banja, lembani kuti "m'bale wanga", basi.

Pa chilankhulo, makinawa amamva Chingelezi bwino kuposa Chichewa. Mukhoza kulemba m'Chichewa ndipo adzakuyankhani, koma nthawi zina Chichewa chake chimakhala chokhota kapena chosakanikirana ndi mawu a zilankhulo zina. Pa nkhani ya ndalama, ngati yankho silikumveka, funsani kuti afotokozenso m'ziganizo zazifupi.

Chachiwiri: bajeti muiyambire ku Januwale

Apa ndi pamene AI imathandiza zenizeni, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo. Vuto la Khirisimasi silioneka pa 25 Disembala. Limaoneka sukulu zikamatsegulidwa, fizi ikufunika, lendi yakwana, chimanga cha kumunda chikudikira feteleza wobereketsa, ufa m'nyumba ukutha pamene mitengo ya chimanga ili pamwamba. Munthu akagwira ndalama za banki nkhonde m'manja, Januwale amaoneka kutali kwambiri.

Tengani pepala, lembani ndalama zonse zimene muli nazo kapena zimene mukutsimikiza kuti zibwera. Zolonjezedwa ndi achimwene a ku Cape Town musaziwerengere mpaka zitafika. Kenako lembani zofunika kulipira kufikira kumapeto kwa Januwale. Mitengo ya mpunga, mafuta ophikira, shuga, nkhuku ndi thiransipoti kaifunseni nokha kumsika ndi kudepoti, chifukwa makinawa sadziwa mitengo ya lero. Kumbukirani kuti ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo yakhala ikukwera kuchokera nthawi imeneyo, pamene zambiri zimene AI inawerenga n'zakale.

Mukatero lembani motere, kusintha manambala kuti akhale anu:

"Ndili ndi K400,000. Mu Januwale ndiyenera kulipira fizi K120,000, lendi K70,000 ndi feteleza K90,000. Ndalama zimenezi zisakhudzidwe. Zotsalazo ndigawire pa chakudya cha anthu 12 pa Khirisimasi ndi Nyuwere, zovala za ana atatu ndi thiransipoti. Mitengo ya kwathu ndi iyi. Undiuze chimene ndingachotse ngati ndalama sizikukwana."

Mawu oti "zisakhudzidwe" ndi ofunika kwambiri. Mukapanda kuwalemba, AI imayesetsa kukusangalatsani n'kukwaniritsa zonse zimene mwatchula, ngakhale potapa ndalama za fizi. Yankho likabwera, phatikizani manambalawo nokha pa kalikuleta ya mu foni. Makinawa amaphonya masamu nthawi zina. Ndiye funsani funso lachiwiri limene ambiri salifunsa: "Kodi ndaiwala chiyani?" Apa imakumbutsa zinthu zazing'ono zimene zimadya ndalama mwakachetechete, monga makala, mayunitsi a magetsi, ndalama yodula potapa kwa ejenti, chopereka cha kutchalitchi, sopo. Onjezani nokha zimene siingadziwe: kuti kumudzi simupita chimanjamanja, ndiponso kuti kwa apongozi kumafunika phukusi lawo.

Ndalama za Januwale zikadziwika, zichotseni m'manja tsiku lomwelo. Lipiriranitu fizi ngati sukulu ikulola, gulani feteleza, kapena sungitsani ku akaunti imene simuigwira kawirikawiri. Palibe makina amene angakuchitireni zimenezi.

Chachitatu: chakudya

Ifunseni kuchuluka kwa mpunga, nyama ndi zakumwa za anthu amene mukuyembekezera, komanso ndondomeko ya nthawi yophikira ngati muli ndi mbaula imodzi ndi mafuwa. Imatha kusanja bwino chimene chiyambe ndi chimene chitsirizire. Koma miyezo yake ndi ya mbale za kunja, choncho onjezerani, ndipo werengeraninso alendo osaitanidwa, poti kwathu kuno tsiku la Khirisimasi mwana wa mnansi sabwezedwa. Kakonzedwe ka thobwa, chigumu kapena futali musavutike kufunsa makina. Funsani amayi kapena azakhali.

Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya pafupifupi maola anayi, ndipo firiza yodzaza imatha kufika masiku awiri. Nyama yambiri musaigule masiku ambiri tsikulo lisanafike ngati kwanuko magetsi amavuta.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchondererani. Disembala ndi nthawi ya bowa. Musajambule bowa n'kufunsa AI ngati ndi wodyedwa. Bowa wakupha ndi wodyedwa amafanana kwambiri pa chithunzi, ndipo makinawa amayankha motsimikiza ngakhale akulakwitsa. Bowa amene sakudziwika ndi akuluakulu a dera lomwelo asalowe mu mphika. Chimodzimodzi mwana akatentha thupi: ino ndi nyengo ya malungo, pitani naye kuchipatala akayezedwe. Abale amene akhala zaka ku Britain kapena ku Ireland akamabwera kudzadya Khirisimasi aonane ndi dokotala asananyamuke, chifukwa thupi likakhala nthawi yaitali kunja limataya mphamvu imene linali nayo yolimbana ndi malungo.

Chachinayi: ulendo

Wochokera ku Johannesburg pa basi amadutsa zipata zingapo: Beitbridge, kenako Nyamapanda kulowa mu Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kudzalowa kwathu pa Mwanza kapena pa Dedza. AI ingakuthandizeni kulemba mndandanda wa zonyamula, kugawa ndalama za panjira m'marandi, madola ndi makwacha, ngakhale kukukonzerani ziganizo zochepa za Chipwitikizi zolankhulira ku Tete. Pa zimenezi ndi yabwino.

Koma pa malamulo a pachipata, msonkho wa katundu, zikalata za ana, nthawi yonyamukira basi ndi mtengo wa tikiti, musaidalire. Zimenezi zimasintha, ndipo AI ikhoza kukuuzani lamulo limene linatha kalekale. Za msonkho funsani a MRA, za mapepala funsani a Immigration, za tikiti imbirani kampani ya basiyo. Ngakhale AI ya pa tsamba la kampani yeniyeni imalakwitsa. Ku Canada bambo wina amene agogo ake anamwalira anauzidwa ndi makina oyankha makasitomala a Air Canada kuti agule tikiti ya mtengo wonse ndipo adzam'bwezera gawo lina pambuyo pake. Lamulo la kampaniyo silinali lotero. Nkhaniyo inafika ku bwalo, ndipo mu Febuluwale 2024 kampaniyo inalamulidwa kum'lipira. Iye anali ndi umboni chifukwa anasunga chithunzi cha zimene makinawo analemba. Nanunso chitani chomwecho: makina a kampani iliyonse akakulonjezani kanthu, jambulani sikirini, kenako tsimikizani ndi munthu.

Za mvula ndi misewu, mverani a Zanyengo pa wailesi ndipo imbirani amene ali kumudziko. Iwowo ndi amene akudziwa ngati mlatho wa kwanu ukuwolokeka.

Chachisanu: kugula pa intaneti

Kuyambira pa Black Friday, tsiku limene masitolo amatsitsa mitengo kumapeto kwa Novembala, Facebook, TikTok ndi magulu a WhatsApp amadzaza ndi malonda otsika mtengo. Kale wakuba ankadziwika ndi Chingelezi chothyoka ndi zithunzi zosaoneka bwino. Lero AI imam'lembera uthenga wosalala, imam'pangira chithunzi cha diresi limene kulibe, ngakhale ndemanga za makasitomala amene sanabadwe. Kukongola kwa tsamba sikukutsimikiziraninso kanthu.

Musanatumize ndalama kwa wogulitsa amene simukum'dziwa, chitani izi. Tengani chithunzi cha katunduyo muchifufuze ndi Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti. Mukachipeza pa masamba ambiri a kunja, dziwani kuti wogulitsayo sanachijambule yekha. Onani tsiku limene tsambalo linatsegulidwa komanso ngati linasinthapo dzina, zimene Facebook imaonetsa pa gawo lofotokoza za tsambalo. Tsamba lobadwa mwezi watha lokhala ndi ndemanga mazana oyamikira ndi lokayikitsa. Kenako pemphani kuti akuimbireni pa vidiyo akuonetseni katunduyo ali m'manja, autembenuze, aonetse msoko ndi saizi. Wogulitsa weniweni sakana. Ndipo ngati n'kotheka lipirani katundu atafika, kapena tumani m'bale wa mu tauniyo akaone ndi maso.

Mauthenga onena kuti sitolo yaikulu kapena kampani ya foni ikugawa mphatso za Khirisimasi, mungodina apa n'kutumizira anzanu 20, ndi msampha. Chimodzimodzi makanema oonetsa mtsogoleri, m'busa wotchuka kapena woimba akulimbikitsa anthu kuika ndalama kwinakwake kuti zichuluke. Mu Malichi 2023 chithunzi cha Papa Francis atavala jekete loyera lofufuma chinazungulira dziko lonse ndipo ambiri anachikhulupirira, pamene chinali chopangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney. Kuchokera nthawi imeneyo luso lakwera kwambiri, moti mu 2025 Google inatulutsa Veo 3 imene imapanga kanema pamodzi ndi mawu ake. Malangizo akale oti muziwerenga zala kapena kuyang'ana milomo sakukwaniranso. Funso lothandiza ndi lakuti: kodi nkhaniyi ilipo pa tsamba lenileni la kampaniyo, pa wailesi kapena mu nyuzipepala?

Kwa inu amene mukugulitsa makeke, nkhuku, zitenje kapena kaunjika, AI ikuthandizani kulemba uthenga wotsatsa malonda ndi kuwerengera phindu mutachotsa thiransipoti ndi mapepala okulungira. Koma chithunzi chikhale cha katundu wanu weniweni. Kasitomala akaona keke yonyezimira pa foni n'kulandira ina, sabweranso, ndipo amauza anzake.

Chachisanu ndi chimodzi: mafuno abwino ndi za kutchalitchi

Apa sindichedwapo. Khadi lopangidwa ndi AI lotumiza ku gulu la kuntchito lilibe vuto. Zithunzi za ana anu musaziike m'mapulogalamu osadziwika amene amasandutsa nkhope kukhala zidole za Khirisimasi, chifukwa simudziwa kumene zikusungidwa. Kwa agogo, kwa makolo, kwa m'bale amene waferedwa chaka chino, imbani foni. Amene amakudziwani amazindikira msanga mawu amene sali anu.

Ngati mukukonza sewero la ana a Sande sukulu kapena mwapatsidwa kulalikira pa mapemphero a kumphakati, mukhoza kuifunsa kuti ikusanjireni mfundo. Koma vesi lililonse limene yatchula litsegulireni Baibulo. Imatha kupereka mawu abwino n'kuwaika pa chaputala cholakwika, kapena kumasulira yokha kuchokera ku Chingelezi m'malo mopereka mawu a mu Buku Lopatulika kapena Buku Loyera amene mpingo ukuwadziwa. Nkhani ya kubadwa kwa Yesu ili pa Luka 2 ndi Mateyu 1 ndi 2. Werengani pamenepo.

Chachisanu ndi chiwiri: khalani pansi ngati banja mukambirane za mawu abodza

Ili ndiye gawo lofunika kuposa onse, ndipo lichitike Disembala asanafike pakati.

Tonse tikuudziwa uthenga uja woti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", komanso wa munthu amene amati watumiza ndalama molakwika ndiye mum'bwezere. Ambiri tinaphunzira kuunyalanyaza. Chimene chikubwera tsopano n'choopsa kuposa pamenepo, chifukwa chimagwira pamtima. Pali mapulogalamu amene amatenga mawu a munthu ojambulidwa kwa kanthawi kochepa, kaya pa kanema wa TikTok kaya pa uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, n'kupanga mawu ofanana nawo onena chilichonse chimene wakuba walemba. Bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linachenjeza anthu za chinyengo chimenechi mu Malichi 2023. Kumayambiriro kwa 2024, ku Hong Kong, wogwira ntchito pa kampani ya Arup anatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni atakhala pa msonkhano wa pa vidiyo ndi anthu amene ankaoneka ndi kumveka ngati mabwana ake, pamene onsewo anali opangidwa ndi makina. Ngati munthu wophunzira za ndalama anapusitsidwa chotero, nanga mayi wachikulire amene wamva mawu a mwana wake akulira?

Mabanja athu ndi osavuta kuwatchera msampha umenewu. Ambiri tili ndi wina kunja. Nambala zimasinthasintha, moti uthenga woti "iyi ndi nambala yanga yatsopano" sudabwitsa aliyense. Mu Disembala anthu ali panjira, netiweki imaduka, ndipo nkhani yoti munthu wagwidwa pa Beitbridge kapena wachita ngozi ku Tete ndi yomveka. Chichewa sichingatitchinjirize mpaka kalekale. Ambiri amene ali kunja amalankhula mosakaniza ndi Chingelezi, ndipo mawu ochepa a munthu wolira, pa foni yokhala ndi phokoso, safuna luso lalikulu kuti akhulupirike. Kenako foniyo amailanda wina wodzitcha wapolisi kapena nesi, ndipo ameneyo ndi munthu weniweni wolankhula Chichewa chabwinobwino.

Mgwirizane zinthu izi.

Sankhani mawu achinsinsi a banja. Asakhale dzina la mudzi, la mfumu, la galu kapena chilichonse chimene chili pa Facebook. Akhale mawu opanda tanthauzo kwa mlendo, ochokera pa kanthu kamene kanachitika pakhomo panu. Muuzane pakamwa kapena pa foni, osalemba pa gulu la WhatsApp. Aliyense wopempha ndalama mwadzidzidzi ayenera kuwatchula, ndipo pasakhale wokwiya akafunsidwa. Ana aphunzitsidwe kuti mawuwo sauza munthu, ngakhale wonena kuti watumidwa ndi bambo awo.

Lamulo lachiwiri: dulani foni, imbani nokha. Wina akaimba ndi nkhani yoopsa, nenani kuti mum'imbiranso, ndipo imbani pa nambala ya m'bale wanuyo imene munali nayo kale, osati imene waimbirayo. Ikapanda kupezeka, imbirani mkazi wake, mnzake wogona naye nyumba imodzi, abwana ake kapena kondakitala wa basi. Choncho aliyense amene ali kunja kapena akunyamuka ulendo asiye nambala za anthu awiri oyandikana naye, dzina la basi ndi tsiku lonyamuka.

Lachitatu: wakuba amadalira changu ndi chinsinsi. Adzati ndalama ifike m'mphindi khumi, adzati musauze adadi, adzati mukadula foni zinthu ziipa. Mukamva mawu awiriwa pamodzi, "msangamsanga" ndi "musauze munthu", imani kaye. Vuto lenileni limapirira mphindi zochepa zoti mutsimikize. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Lachinayi: musam'patse dzina. Akati "Amayi, ndine", musayankhe kuti "Kodi ndiwe uje?" Funsani kuti "Ndani?" ndipo adzitchule yekha. Funsaninso kanthu kamene mlendo sangadziwe, monga chimene munakambirana ulendo watha.

Pomaliza sankhani munthu mmodzi wodekha m'banjamo kuti ndalama zonse zadzidzidzi zizidutsa kwa iye. Agogo ndi makolo auzeni mwaulemu kuti: "Mukalandira foni yotere, musatumize kanthu, ingoimbirani achemwali." Izi sizikuwachotsera ulemu. Zikuwachotsera katundu wosankha okha ali ndi mantha. Muyeserere nawo kamodzi, wina aimbe ngati wakuba, kuti pa tsiku lenileni pakamwa padzakhale pozolowera kunena kuti "ndikuimbiranso".

Potumiza ndalama pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, werengani dzina limene likuoneka musanatsimikize. Likakhala lachilendo ndipo akukuuzani kuti ndi la mnzawo kapena la ejenti, bwererani ku lamulo lachiwiri lija. Wina akati wakutumizirani molakwika, musakhulupirire uthenga wa SMS: onani nokha ndalama zimene zili mu akaunti, ndipo muuzeni aimbire kampaniyo kuti ndiyo ibweze. Amene mukulandira kudzera ku Mukuru kapena makampani ena otumiza ndalama, nambala ya oda ikhale pakati pa inu ndi wotumizayo.

Chachisanu ndi chitatu: tsekani zitseko za foni

Izi zimatenga mphindi zochepa. Pa WhatsApp pitani pa Settings, Account, kenako Two-step verification, muike PIN yanu. Nambala zisanu ndi imodzi zimene WhatsApp imatumiza pa SMS musauze munthu aliyense, ngakhale uthengawo ukuchokera kwa mnzanu wa kukwaya amene akuti akukulembetsani pa msonkhano wa pa intaneti. Akaunti yake ikhoza kukhala kuti yabedwa kale, ndipo yanu ikabedwa, wakuba amapeza mauthenga a pa magulu, mayina a abale ndi njira yopemphera ndalama m'dzina lanu. Chitani chimodzimodzi pa Facebook ndi pa imelo.

Chepetsani anthu oona zithunzi ndi makanema anu kuti akhale anzanu okha. Tsiku lonyamuka, chithunzi cha tikiti ndi uthenga woti "tili panjira, kumudzi tikubwera" musunge mpaka mutafika. Zimenezi zimauza wakuba wa pa foni nthawi yabwino yoimbira makolo anu, komanso zimauza wakuba wa pakhomo kuti nyumba ilibe anthu. Mukafika kumudzi, tengani foni za makolo muwakonzere zonsezi, ndipo muwasinthire PIN ngati ndi chaka chawo chobadwa kapena ngati ejenti wa pamsika amaidziwa.

Zikachitika kuti mwaberedwa

Musabise chifukwa cha manyazi. Misampha imeneyi imakonzedwa ndi anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo, ndipo imagwira aphunzitsi, abusa ndi ogwira ntchito ku banki omwe. Nthawi ndi imene ili yofunika. Imbirani kampani ya foni kapena banki yanu nthawi yomweyo, pa nambala imene ili pa khadi kapena pa tsamba lawo lenileni, muwapatse nambala ya umboni wa ndalama imene mwatumiza ndipo pemphani kuti aimitse. Wakuba akakhala kuti sanatape, mwayi umakhalapo. Sinthani PIN ndi mapasiwedi. Musafufute kanthu: jambulani mauthenga, nambala, tsamba ndi nthawi imene anaimba, mupite nazo ku polisi. Ku Malawi kuli lamulo la 2016 lokhudza malonda a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti, ndipo madandaulo okhudza makampani a foni amapitanso ku MACRA. Ku Zambia bungwe lotere ndi ZICTA.

Dziwitsani abale ndi magulu anu onse kudzera pa njira ina kuti asatumize kanthu kwa aliyense wolankhula m'dzina lanu. Ngati WhatsApp yabedwa, lowaninso ndi nambala yanu: mukaika nambala za pa SMS zija, wakubayo amatulutsidwa, ngakhale mungafunike kudikira masiku asanu ndi awiri ngati iye anaikapo PIN yake. Ndipo m'masiku otsatira chenjerani ndi wina woimba kuti ndi wa ku kampani kapena wapolisi amene angakubwezereni ndalama zanu mukalipira kangachepe kaye. Kawirikawiri amakhala gulu lomwelo, likubwerera kudzatenga zotsala.